Timba, Kakowa ndi Nsapato za Katswiri

Zaka makumi atatu ndi zitatu zapitazo, pa depoti ya basi mumzinda wa Tionamawa, likulu la Ufumu wa Tingotere, Zebedayo Mtambalika analonjeza chinthu. Anali ndi kasutikesi ka malata, chiphaso cha munthu wina, ndi mantha okwanira anthu atatu. Womuperekeza anali mnzake wa paubwana, Lufeyo Dzimbiri, amene anali atangotuluka kumene m'ndende ya Gonapompo, milomo ili yotupa, mano anayi akutsogolo atawasiya konko.

"Ndikadzabwera, Lufeyo," anatero Zebedayo phazi limodzi lili kale m'basi, "ndidzaima pamaso pa mfumu ndi kuimba likhweru la timba. Likhweru lako lija. Ndalumbira, pali mayi anga."

Lufeyo anayesa kuyankha ndi likhweru lomwelo, koma m'kamwa munangotuluka mphepo ndi malovu. Anaseka, basi inanyamuka.

Amene sanapondeko ku Tingotere ayenera kuuzidwa zinthu ziwiri. Choyamba ndi cha timba, kambalame kakang'ono ka m'tchire kaja. Makolo amene anayambitsa ufumuwo anakaika pa mbendera, ena amati chifukwa anali anthu odzichepetsa, ena amati chifukwa nsalu inali yochepa. Kanakhala pamenepo mwamtendere mpaka m'masiku a Mfumu Mvereni Woyamba, amene analetsa anthu kulankhula za misewu, za chimanga, za mankhwala, ndipo pamapeto pake za nyengo. Anthu atasowa chonena anayamba kuimba likhweru la timba magalimoto a mfumu akamadutsa: katatu mwachidule, kamodzi mokoka. Mfumu inakhazikitsa lamulo. Woimba likhweru la timba azikagona ku Gonapompo, ndipo akadzamwalira asadzaikidwe kumanda kwa makolo ake, koma m'mphepete mwa msewu, kuti azikaimbira magalimoto mpaka kalekale. Lufeyo anali woyamba kugwidwa, chifukwa likhweru lake linkamveka kutsidya kwa mtsinje. Kambalameko kanatsala pa mbendera, kali ndi mlomo wotsegula, kakuimba nyimbo yoletsedwa pamwamba pa polisi iliyonse.

Chachiwiri ndi chifukwa chimene sanakachotsere. Ku Tingotere mfumu siigamula, imangolankhula. Ikamaliza, bwalo limakhala chete, ndipo munthu woyamba kuwomba m'manja ndiye mwini chigamulo. Dzina lake ndi limene limalembedwa pansi pa lamulo. Lamulolo likabala zipatso, ndi nzeru za mfumu. Likabala minga, amakagogoda pakhomo pa wowomba m'manja uja. N'chifukwa chake nduna za kumeneko zimakhala pabwalo zitapisa manja m'khwapa ngati anthu odwala malungo, ndipo nkhani ya mlatho wa pa mtsinje wa Dikirani inatha zaka zisanu ndi zinayi, mpaka tsiku limene nduna ina inapha udzudzu. Koma makolo, pokhala anthu achifundo, anasiya kakhomo kothawira. Amene wawomba mosafuna amavula nsapato, n'kukaziika pamapazi a mfumu, n'kunena kuti, "Manja ananditsogolera." Akatero chigamulo chimafufutika, ndipo amapatsidwa mpata wonena zakukhosi.

Zonsezi Zebedayo ankazidziwa bwino kuposa aliyense. Kudziko lozizira kumene anathawira, kumene dzuwa limaoneka ngati wachibale wolemera, kamodzi pachaka ndiponso kwa kanthawi, iye anawerenga mpaka kukhala dokotala wa mbalame. Buku lake lonena za timba linali lonenepa kuposa timba makumi awiri. Analembanso nkhani ya masamba makumi anayi yonyoza mwambo wowomba m'manja wa kwawo, ndipo ankaiwerenga m'misonkhano ya anthu ophunzira. Akamaliza anthu ankamuwombera m'manja, nayenso ankawombera anzake, ngakhale amene anawagonera tulo. Ntchito yake yeniyeni sankailemba m'makalata obwera kumudzi. Inali m'chipinda chapansi cha nyumba yosungiramo zinthu zakale, kumene ankamangirira timapepala ta mayina kumiyendo ya mbalame zakufa. Madzulo aliwonse akamasamba, ankatsegula mpopi mwamphamvu n'kuimba likhweru la Lufeyo, kuti lisamuthawe.

Kalata yomuitana yochokera kunyumba yachifumu itabwera, anaiwerenga kasanu. Mfumu Mvereni Wachiwiri, mwana wa woyamba uja, inafuna kuthetsa manyazi a pa mbendera. Bwalo lidzayerekeza timba ndi kakowa. Timba akapambana, likhweru lidzamasulidwa ndipo onse amene anamangidwapo adzakhululukidwa, amoyo ndi akufa omwe. Kakowa akapambana, timba adzatsika pa mbendera ndipo lamulo lakale lidzakhala mpaka muyaya. Panafunika katswiri wochokera kunja, poti ku Tingotere nzeru ili ngati mankhwala a sing'anga: ya pafupi sichiza.

Zebedayo anatera pa bwalo la ndege la Pitanibwino atavala suti yake imodzi ndi nsapato zake zabwino, zomwenso zinali peya imodzi. Mzinda unamukhumudwitsa kuyambira pa geti. Mitengo ya m'mbali mwa msewu imene anailira m'ndakatulo zake zisanu ndi ziwiri inali itasanduka makala kalekale. Sukulu yake inali tchalitchi, nyumba ya kanema inali tchalitchi, laibulale inali matchalitchi awiri. Ngakhale fumbi linali losiyana ndi lija ankalikumbuka. La masiku ake linali lofiira bwino. Chimene chinamupweteka koposa n'chakuti palibe amene anaoneka kuti wamusowa. Anthu ankangoyenda, kugula, kuseka, ngati kuti dziko silinataye munthu wofunika.

Zebedayo anamupeza Lufeyo mu Msika wa Tsitsaniko, kuseri kwa ogulitsa tomato, pafupi ndi chigayo. Anali atakhala pansi pa kadenga ka pulasitiki akusoka patapata, ataonda ngati bango, akutsokomola chifuwa chochokera pansi.

"Nsapato izi si za kuno," anatero Lufeyo osadzutsa mutu. "Mwini wake amaopa matope."

"Lufeyo."

Wosoka nsapatoyo anakweza maso pang'onopang'ono, kuyambira kumaondo mpaka ku imvi.

"A Dokotala Mtambalika. Tinamva pa wailesi kuti kukubwera katswiri wochokera kunja, ife n'kumayembekezera mzungu. Khalani pa chitinipo, mipando tikudikira chitukuko."

Mayi wogulitsa tomato pa benchi yoyandikana, amene onse ankamutchula kuti Nagama, anasuzumira.

"Ndiye awa munkanena aja, a Dzimbiri? Ine ndinawaona akulowa pa geti. Mmene amanyamulira miyendo m'matopemu, mutu uli mbuu, ndinati kakowa wabwera yekha kudzadzinenera."

Zebedayo anaseka mochedwa, monga amasekera munthu amene chinenero cha kwawo chayamba kumudutsa. Kuti abwezere ulemu wake, anatulutsa mapepala m'thumba la jekete n'kuyamba kuwafotokozera zimene adzanene mawa lake. Timba, anatero, amamanga chisa chake yekha, kulumikiza udzu ndi ulusi wa kangaude, luso limene nduna iliyonse ya zomangamanga iyenera kugwadira. Amaimba popanda womutuma. Kakowa alibe nyimbo, amangokhosomola. Amatsata ng'ombe kuti adye zimene zadzidzimuka ndi ziboda. Ndipo mtengo umene akakowa asankha kuti azigonamo umauma ndi zitosi zawo.

"Koma ndi woyera," anatero Nagama.

"Kuyerako mayi, malinga ndi akatswiri a nthenga..."

"Amayera chifukwa salima, bambo. Zimenezo sitinapitire kunja." Anapukuta tomato ndi chitenje. "Ife a mumsika tinagamula kale. Timba sakhutitsa, kakowa sadyedwa. Aikepo nkhuku."

Lufeyo anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Chitamusiya anapukuta pakamwa, ndipo polankhulanso anasiya za udokotala.

"Iwe Zebe, ine andionetsa kale malo anga. Pa Msewu wa Mawa, pafupi ndi kalavati, pamene amaima a minibasi akafuna kutaya madzi. Kumanda kwathu ku Mphanje mayi ali pansi pa msuku, malume ali pomwepo, pakati pawo pali malo okwana munthu woonda. Achipatala akuti mvula ikubwerayi ndiione ndili chikhalire, inayo sakulonjeza. Sindikupempha zambiri."

"Ndinalumbira, Lufeyo."

"Ndikudziwa. Ndinalipo. Likadalipo likhwerulo?"

Zebedayo anayang'ana uku ndi uku. Anadikira chigayo chilire, n'kuwerama ngati akuona soli ya nsapato, n'kuimba: katatu mwachidule, kamodzi mokoka. Lufeyo anatsinzina. Nagama anayamba kuitanira tomato mokweza kuposa mmene malonda amafunira.

"Wakoka kwambiri kotsirizako," anatero Lufeyo. "Koma ndi lomwelo. Tsono vula nsapatozo ndizipake polishi. Sungakaime pamaso pa mfumu ndi matope a Tsitsaniko."

Yakumanzere inavuka msanga. Yakumanja Zebedayo anaimasula zingwe mwaulesi, akufunafuna chifukwa chokanira, koma Lufeyo anali ataigwira kale chidendene. Inatuluka. Chala chachikulu chinasuzumira pa chibowo cha sokosi, chathunthu, ndi chikhadabo chake, ngati fulu amene wamva kuti adani apita.

Nagama anapeza ntchito yofunika kwambiri pansi pa benchi yake. Ulemu umenewo unamupweteka Zebedayo kuposa kuseka.

"Kunja kuja timatero," anatero. "Kuti phazi lizipuma."

"Ndaona," anatero Lufeyo. "Vula ndikusokere, ndi ntchito ya mphindi zisanu."

"Usavutike, ndili nazo zambiri ku nyumba ya alendo."

Ku nyumba ya alendo kunali peya imodzi, yobooka mbali zonse ziwiri. Lufeyo anabweza singano m'kachitini, n'kupaka nsapatozo mpaka zinayamba kuonetsa denga la pulasitiki.

"Mawa manja m'khwapa, Zebe."

"Ukuuza ine? Ndinalemba masamba makumi anayi pa mwambo umenewo."

"N'chifukwa chake ndikukuuza."

Potuluka mumsika anadutsa pa mulu wa kaunjika, pomwe panali sokosi zambirimbiri, zina mwina zochokera mumsewu womwewo umene anakhalamo kunja kuja zaka makumi atatu ndi zitatu. Anachepetsa liwiro. Koma maso a msika wonse anali pamsana pake, ndipo anaimva kale nkhaniyo mmene idzayendere: dokotala wa kunja uja, wa pa wailesi uja, amasankha sokosi pa kaunjika. Anakweza mutu n'kupitirira, akunyamula miyendo pamwamba pa matope.

M'mawa mwake bwalo linadzaza. Nduna makumi anayi ndi ziwiri zinakhala pa mipando ya ofisi imene inatulutsidwa panja, manja onse m'khwapa. Anthu wamba anaima kuseri kwa mpanda wa waya. Zebedayo anamukhazika kutsogolo, pafupi ndi a Gwedeza, Nduna ya Zizindikiro ndi Maonekedwe, bambo wonenepa khosi amene ankavomera ndi mutu ngakhale pamene palibe wolankhula.

"Dongosolo lake ndi losavuta, a Dokotala," ananong'ona a Gwedeza. "Mfumu ilankhula. Ikatha tikhala chete mpaka chithunzithunzi cha mlongoti wa mbendera chifike pa mwala uwo. Pakapanda wowomba m'manja, timaitana katswiri, bwalo lonse ndi lanu."

Zebedayo anangomwetulira. Zimenezo zinali pa tsamba lachisanu ndi chiwiri la nkhani yake. Anagwira mapepala ake m'thumba, ananyowetsa milomo. Kuseri kwa waya anamuona Lufeyo atatsamira mzati, Nagama ali pambali pake ndi ambulera.

Mfumu Mvereni Wachiwiri inaimirira itavala mkanjo woyera umene anthu anayi ankaunyamula kumbuyo. Inayamba ndi kunena kuti ilibe mbali, n'kutha ola lathunthu ikuyamikira kakowa.

"Taonani kakowa, anthu anga. Tsiku lonse amaima m'matope, koma madzulo amatuluka ali woyera. Kodi si mmene nduna yabwino iyenera kutulukira mu ofisi? Amatsata ng'ombe osafunsa kumene ikupita. Kodi si mmene mzika yabwino iyenera kuyendera? Amatha kuima ndi mwendo umodzi, kusonyeza kuti m'nyengo yovuta theka ndi lokwanira. Alendo akamatera pa bwalo lathu la ndege amamuona ali patali. Nanga timba anamuonapo ndani? Mumangomva phokoso m'tchire, mukapita kukafufuza mulibe munthu. Boma silingagwire ntchito ndi mbalame yosadziwika pokhala."

Nduna zinagwedeza mitu mwamphamvu, poti mutu sulemba dzina pansi pa lamulo.

Ola lachiwiri mfumu inalowa m'ziwerengero. Kakowa mmodzi, malinga ndi kafukufuku wa kunyumba yachifumu, ndi wofanana ndi timba makumi atatu ndi asanu, choncho kusintha mbendera kudzakweza ufumu kamakumi atatu ndi kasanu popanda kulima ngakhale mzere umodzi. Dzuwa linakwera. Malata a pa nsanja anayamba kuthetheka. Zebedayo, amene anali atazolowera zipinda zozizira, anamva thukuta likutsika m'suti. Manja anawachotsa m'khwapa kuti apitidwe mphepo, n'kuwaika pa maondo, kwa kanthawi chabe. Mawu a mfumu anasanduka mawu a munthu wina aliyense woima kutsogolo ndi mapepala, mawu amene iye anawamvera zaka makumi atatu ndi zitatu maso ali otsegula, mutu uli mtulo. Anaganiza za msuku wa ku Mphanje. Anaganiza za mmene adzaimire, mmene adzakokere mpweya, mmene nkhaniyi idzalembedwere kunja.

"Ndatha ine wanu," inatero mfumu, mawu akutsika monga amatsikira mawu a aliyense womaliza.

Phwa, phwa, phwa.

Zebedayo anadzidzimuka n'kuyang'ana kuti chitsirucho n'ndani. Anapeza manja ake ali pamodzi patsogolo pa chifuwa, akadali ofunda.

Bwalo lonse linapuma mpweya umodzi. Nduna makumi anayi ndi ziwiri zinatulutsa manja m'khwapa n'kuyamba kuwongola zala. Mlembi anaviika cholembera.

"Musadandaule, a Dokotala," ananong'ona a Gwedeza mokoma mtima. "N'chifukwa chake timaitana akatswiri akunja. Muli ndi manja opepuka."

Wolengeza wa bwalo anabwera kutsogolo ndi ndodo yake, monga mwambo umafunira, n'kufunsa katatu. "Kodi manja ndi mtima zayendera limodzi? Ngati manja anatsogola, nsapato zibwere."

Kakhomo kothawira kanali kotsegula. Kuchokera pa mpando wake kufika pamapazi a mfumu panali mayadi khumi a simenti yosesedwa bwino, pamaso pa nduna, akazi a nduna, ojambula a nyuzipepala ya boma ndi msika wonse wa Tsitsaniko. Akanangoyenda pamenepo, n'kunena mawu awiri, bwalo likanakhala lake. Zebedayo anawerama n'kugwira chingwe cha nsapato yakumanzere. Chinamasuka. Anagwira chakumanja. M'kati mwa nsapatomo chala chija chinagwedezeka, chinakhudza chikopa chopanda nsalu pakati.

"Kachiwiri," anatero wolengeza. "Ngati manja anatsogola, nsapato zibwere."

Anaganiza zovula nsapato ndi sokosi nthawi imodzi, mokoka kamodzi. Koma nsapatoyo inali yothina, sokosi ikanatsalira kuphazi. Anaganiza zovula imodzi yokha, koma tsamba lachisanu ndi chinayi la nkhani yake linanena momveka kuti mwambo umafuna zonse ziwiri. Anaganizanso, poti anali munthu wowerenga kwambiri, kuti mwina kusintha kwenikweni kumachokera m'kati, kuti munthu amene dzina lake lili pansi pa lamulo amamvedwa msanga akadzapempha kuti lamulolo liunikidwenso, mwina chaka chamawa, zinthu zikadzakhazikika. Ganizo limeneli linamukomera kwambiri, moti anadabwa kuti silinamufikire kale.

Anakweza maso. Kuseri kwa waya, Lufeyo anali atavula patapata zake n'kuzikweza m'mwamba, imodzi dzanja ili, ina dzanja ilo, kuti mnzake akumbuke ngati waiwala. Anaima chomwecho pa dothi lotentha, mapazi ali ong'aluka, akuyesetsa kuletsa chifuwa. Nagama anali atatsitsa ambulera.

"Kachitatu."

Zebedayo anamanga chingwe chakumanja. Anamanganso chakumanzere, mfundo ziwiri.

Ndodo inagunda pansi. Ng'oma zinalira. Mlembi anafunsa ngati Mtambalika amalembedwa ndi dzina la udokotala kutsogolo, ndipo Zebedayo anamva pakamwa pake pakuyankha kuti inde. Anthu anayi anabwera ndi nsalu yoyera n'kumufunditsa pamapewa, wolengeza n'kumutchula kuti Mlangizi Wamkulu wa za Kakowa, udindo wokhala ndi nyumba, galimoto ndi yunifolomu yathunthu kuyambira chipewa mpaka sokosi. Asilikali awiri anayamba kutsitsa mbendera yakale. Mu mpanda wa maluwa kuseri kwa nsanja, timba wina amene sanamve za chigamulo anayamba kuimba, katatu mwachidule, kamodzi mokoka, mpaka wapolisi anaponyako mwala.

Kenaka anamutsogolera kukagwada. Mfumu inamugwira paphewa n'kufunsa mokweza, kuti onse amve, ngati katswiri wathu wobwera kuchokera kutali ali ndi kanthu kalikonse kamene mtima wake unasungira tsiku la lero.

Zebedayo Mtambalika anaima pamaso pa mfumu, nsapato zili phuliphuli, milomo ili yonyowa. Kuseri kwa waya Lufeyo anali akadakweza patapata zake.

Likhweru lija sanaliimbe.